Malizani Analembedwa pa Khomo la Eni

Tsiku limenelo amayi ankachapa. Khirisimasi inali itangopita, ndipo zovala zathu za ku tchalitchi zinali m'beseni, diresi langa lachikasu lili pamwamba. Chinali chaka cha 1929. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Bulawayo, mu Lokeshoni, imene inu obadwa dzulo mumaitcha Makokoba. Nyumba yathu inali ya chipinda chimodzi, malata ake adzimbiri.

Abambo anali atalawirira ku ntchito. Ankanyamula katundu ku njanji. Anachokera ku Dowa wapansi, amayi n'kuwatsatira patapita zaka ziwiri. Ine ndinabadwira kuno. Nyasalande ndinkangomumvera m'kamwa mwa akuluakulu.

Mlongo wanga Malizani anakhala pakhomo, akudya chidutswa cha banzi louma. Anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo anali asanasiyiretu kuyamwa. Pa phazi lake lamanzere panali chipsera, pamene anaponda khala akuphunzira kuyenda. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri. Onse anamwalira chaka chimodzi. Dzina loti Malizani amayi anamupatsa mokwiya, kuiuza imfa kuti ingomaliza zimene inayamba.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la MaDube. Anali mayi wa Chindebele, wamtali, wa mawu ochepa. Amuna awo ankaphika kwa azungu m'tauni ndipo ankabwera Lamlungu lokha. Mwana analibe. Malizani ankangokhalira kwawo. Ankamudyetsa, kumusambitsa, kumuimbira nyimbo za kwawo, mpaka mwanayo anayamba kunena woza asanadziwe kunena bwera. Amayi ankaseka nazo, ankati taberekera anthu ena.

Panali patapita masiku angapo anthu akunong'onezana za ndewu. Ankati ndi ya Andebele ndi Ashona. Ena ankati akulimbirana ntchito, ena ankati akazi. Abambo anati ife Amanyasa sizikutikhudza. Abambo anga anali munthu wokhulupirira kuti ukakhala phee, mavuto amangokudutsa ngati sitima ya katundu. Anali munthu wabwino, koma pamenepo analakwa.

Dzuwa lili pamutu tinamva malikhweru. Kenako munthu anadutsa pakhomo pathu akuthamanga, nsapato imodzi yokha kuphazi. Malaya ake kumsana anali ofiira. Amayi anaimirira, manja ali thovu lokhalokha.

Kumapeto kwa msewu wathu kunatulukira gulu la amuna akuimba. Ananyamula zibonga ndi nkhwangwa. Ankalowa m'nyumba n'kutulutsa masutikesi, majekete, zipewa, n'kuunjika pakati pa msewu. Pamwamba anaponyapo njinga. Anayatsa. Fungo la matayala akupsa ndimalimvabe.

Aliyense wokumana naye ankamufunsa kwawo m'Chindebele. Akayankha ndi lilime lachilendo, chibonga chinkatsika. Chibonga sichiona chitupa. Chindebele cha amayi chinali chogulira tomato basi.

MaDube anatulukira pa mpanda wa pakati pa nyumba zathu, nsalu ili kale m'manja.

"Letha umntwana, makhelwane," anatero. Ankatanthauza kuti, bweretsa mwanayo, mnansi. Anati kumsana kwawo palibe angamukhudze, ife tidzere kuseri, tikakumane ku mauvuni a njerwa.

Amayi sanachedwe. Anamunyamula Malizani m'khwapa n'kumudutsitsa pamwamba pa mpanda. Thovu la sopo linatsala pa mapewa ake. Banzi lija sanalitaye. Sanalire ngakhale pang'ono, poti ankapita kwa munthu womudziwa. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Akanalira, mwina amayi akanamulanda.

Tinadzera kuseri kwa zimbudzi. Amayi anandigwira pa dzanja mwamphamvu, zala zawo zili zoterera ndi sopo. Tinawoloka kamtsinje ka madzi onyansa. Nsalu ya amayi inakodwa pa waya, anaikoka, inang'ambika.

Pafupi ndi njanji tinamva nyimbo ina kutsogolo kwathu. Tinalowa m'ngalande ya pansi pa njanji n'kugona chafufumimba m'matope. Anthuwo anadutsa pamwamba. Ndinkangoona miyendo. Wina anavala masokosi ofiira opanda nsapato. Sindinadziwe kuti anali a mbali iti, ndipo sindinadziwebe.

Titatuluka tinapeza bambo wina atagona m'mbali mwa mpanda. Wina anali atamuikira chipewa pachifuwa. Ntchentche zinali zitafika kale. Amayi ananditseka m'maso ndi chikhatho, tinadutsa choncho, ine ndikupunthwa.

Ku mauvuni a njerwa tinapeza anthu ambiri, Amanyasa, Ashona, a ku Zambezi, aliyense ndi kamtolo kake. Ife tinalibe kanthu. Tinakhala potsamira uvuni wina umene unali wofundabe. Mayi aliyense wotulukira ndi mwana kumsana, amayi ankadzuka. Akayandikira, ankakhalanso pansi. Anadzuka kangati sindidziwa.

Dzuwa litapendeka, munthu wina anafika ali wefuwefu. Anati ndewu ikubwera kunonso. Anthu anabalalika. Amayi anakana kusuntha. Anati mwana wawo akubwera, akafika apeza ndani. Mkulu wina wa Chiyawo, wa kofia yoyera, amene sitinkamudziwa, anawaimirira pamutu. Anandiloza ine, nati uyu yemwe muli nayeyu mukufuna mumupereke kwa zibonga? Amayi anayang'ana njira ya ku Lokeshoni nthawi yaitali. Kenako anadzuka.

Tinamutsatira mkuluyo m'tchire. Kumene lero kuli nyumba za Nketa, nthawi imeneyo kunali minga ndi miyala. Ndinalibe nsapato. Ndikakhala pansi kuti ndizule munga, amayi ankandidzutsa.

Tinafika pa komboni ya mgodi wina waung'ono dzuwa likulowa. Kumeneko kunali anthu akwathu ambiri. Anatipatsa madzi m'chitini cha jamu. Mayi wina ananditsuka mapazi. Amayi sanalowe m'nyumba. Anakhala pa geti, nkhope ku tauni. Bulauzi yawo inanyowa pachifuwa, mkaka ukutuluka wokha.

Abambo anatipeza tsiku lachitatu. Asanapereke moni anayang'ana kumsana kwa amayi.

Ndewu itazizira tinabwerera. Chitseko chathu chinali chothyoka. Beseni linali chadodolido pabwalo, diresi langa lachikasu litapondedwa m'matope. Kwa MaDube chitseko chinali chomangidwa bwinobwino ndi waya. Abambo anamasula. Munalibe mphasa, munalibe mphika, munalibe bulangete. Pansi panali posesedwa. Ndinali mwana, komabe ndinadziwa kuti munthu wothawa zibonga sasesa.

Anansi anati anthu ambiri anapita ku midzi kwawo, abwera zinthu zikakhala bwino. Ena anabweradi. MaDube sanabwere. Amuna awo sanaonekenso Lamlungu. Nyumba ya azungu kumene ankaphika palibe ankaidziwa. Tinakhala moyandikana zaka zinayi, tinkabwerekana mchere ndi moto, koma mudzi wawo sitinafunsepo.

Abambo anapita ku ofesi ya Lokeshoni. Miyezi ingapo ndewu isanachitike kunali kalembera, makalaliki anayenda khomo ndi khomo kulemba anthu onse m'buku. Abambo anaganiza kuti bukulo liwachitira umboni, kuti boma liwathandize kufunafuna mwana. Kalaliki anatsegula, anapeza nambala ya nyumba yathu, nawauza kuti inu muli ndi mwana mmodzi, wamkazi. Abambo anatsutsa. Kalaliki anati iye sangalembe kalata yosaka mwana amene m'buku mulibe.

Atabwerako abambo anakhala pa mpando osavula chipewa. Tsiku la kalembera iwo anali ku ntchito, choncho anafunsa amayi kuti munawauza chiyani anthu aja. Amayi anati ananena zoona, kalaliki ndiye anali pa changu. Abambo anakhulupirira. Anamutukwana kalaliki ameneyo zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka chifuwa chinawatenga. Lamlungu lililonse ankaima pa siteshoni kuyang'ana amayi otsika sitima ndi ana.

Ine tsiku la kalembera ndinkalikumbukira. Amayi anandisambitsa n'kundikhazika pa mphasa ndekha. Malizani panalibe. Koma Malizani nthawi zambiri sankakhalapo, ndiye sindinaganizepo kanthu.

Zaka zinapita. Ndinaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mpingo. Ndinakwatiwa. Ndinapeza ntchito yochapa nsalu za odwala ku chipatala cha Thorngrove, ndipo amayi anadzakhala kwa ine. Dzina la Malizani m'nyumba silinkatchulidwa. Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha ndinabereka mwana wamwamuna. Amayi atamulandira sanayambe kuona nkhope. Anafunyulula nsalu n'kugwira phazi lamanzere. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyi sinafe, ndipo mtima wanga unayamba kundivuta.

Mu mpingo mwathu munali mkulu wina wa ku Nyasalande amene ankagwira ukalaliki ku ofesi ija. Ndinamupempha kuti andionetse buku la kalembera lija. Anati mabuku akale ali m'chipinda chosungira katundu, chiswe chikudya, ndibwere Loweruka masana azungu ataweruka. Ndinkafuna kuona ndi maso anga pamene kalaliki uja analakwitsa. Ndinkafuna munthu woti ndimude ndili ndi umboni.

Bukulo linali lalikulu, chikuto chake chansalu, lonunkha makoswe. Tsamba lililonse linali ndi mizere: nambala ya nyumba, dzina, mtundu, kwawo, ntchito, mkazi, ana. Mkuluyo anandiuza kuti buku limodzi ankaligwiritsa ntchito zaka zingapo, ndipo munthu akamwalira mu Lokeshoni ankamudula ndi inki yofiira. Masamba ena anali ofiira kwambiri.

Ndinapeza nyumba yathu. Phiri, wa ku Dowa, wa ku njanji. Mkazi mmodzi. Mwana mmodzi, wamkazi, Esinati. Ndine ameneyo. Zolembazo zinali zaudongo, za munthu wosathamanga.

Chala changa chinatsika chokha pa mzere wotsatira. Nyumba ya MaDube. Mwamuna, Moyo, wophika, kwawo cha ku Filabusi. Mkazi mmodzi. Mwana mmodzi, wamwamuna, zaka ziwiri, Sipho.

MaDube analibe mwana. Lokeshoni yonse inkadziwa.

Ndinakhala pansi pa simenti. Abambo anaimapo kutsogolo kwa tsamba lomweli. Mwana wawo anali pansi penipeni pa dzina lawo, potalika ngati chala. Sankadziwa kuwerenga.

Kunyumba ndinapeza amayi akusenda mtedza, mwana wanga ali pamiyendo pawo. Ndinawauza zimene ndinaona. Sanasiye kusenda. Anasenda mpaka m'lichero munatha, ndiye n'kuyamba kulankhula.

Anati kalembera ameneyo sanali woyamba. Pa kalembera wam'mbuyo anatitulutsa ana atatu tonse, monyadira, titadzola mafuta. Kalaliki anatiloza ndi cholembera, mmodzi, awiri, atatu. Chaka chisanathe awiri anali m'manda, wina chikuku, wina kutsegula m'mimba. Anati kwathu ana sawerengedwa ndi chala. Zowerenga ndi mbuzi ndi nkhuku. Ukawerenga ana, wauza imfa kuti alipo angati. Ndiye atamva kuti makalaliki ali mumsewu mwathu, anamunyamula Malizani n'kumudutsitsa pa mpanda kuti MaDube amubise. Sanaganize kuti kalaliki akachoka pathu alowa khomo lotsatira.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandibisire ine. Anati ine ndinali nditawerengedwa kale, imfa inandiona n'kundisiya.

"Ndiye simunadziwe kuti analembedwa kumeneko?" ndinatero.

Amayi anapukuta manja pa nsalu. "Ndinadziwa. Madzulo ake MaDube anabwera naye akuseka, akuti makhelwane, amupeza pamiyendo panga, amulemba wanga. Inenso ndinaseka. Ndinati zili bwino, imfa ikabwera ndi buku isochera."

"Nanga abambo? Zaka zonse zija pa siteshoni?"

"Ndikanawauza, akanapita nazo kuti? Buku linati ndi mwana wa Moyo. Ndinamupereka ndekha, kawiri. Bambo ako ndikanawayang'ana bwanji?"

Ndinakwiya. Sindibisa. Ndinawalanda mwana wanga pamiyendo ngati amuba. Mwezi wathunthu ndinkawapatsa chakudya osalankhula nawo. Ndinkaganiza za abambo, chipewa chili m'manja, akutukwana munthu wosalakwa. Amayi sanadandaule. Ankadya pang'ono, n'kutsuka mbale yawo okha.

Tsiku lina m'mawa ndikupita ku ntchito anandiimitsa pakhomo. Anafunsa ngati pa dzina lija panali inki yofiira. Ndinati panalibe. Anati basi, ali moyo, ndipo anamwetulira koyamba m'masiku ambiri. Ine ndinkadziwa kuti inki imeneyo inali ya ofera mu Lokeshoni mokha. Wochoka, afe asafe, dzina lake linkakhala loyera. Sindinawauze. Nanenso ndinaphunzira kubisa.

Ndinapempha masiku ku ntchito n'kukwera lole ya ku Filabusi. Ndinayenda wapansi kufunsa mudzi wa a Moyo. Kumene anandilozera ndinapeza waya wautali ndi ng'ombe za mzungu. M'kati mwa waya munkaoneka mabwinja, mafuwa akuda ndi manda opanda mwini. Mkulu wina woweta ng'ombezo anati anthu a pamenepo anasamutsidwa ndi malole, ena kumpoto ku nkhalango, ena sakudziwa. Nditatchula Sipho mwana wa Moyo ndi MaDube, anandiyang'ana mwachisoni. Kufunsa dzina limenelo kumeneko kuli ngati kufika ku Dowa n'kufunsa kwa a Phiri.

Ndinabwerera chimanjamanja. Amayi sanafunse. Anaona nkhope yanga n'kupitiriza kusesa.

Kuyambira pamenepo ndinkayang'ana mapazi a amuna. Ku ntchito, wodwala wamsinkhu wake akagona, ndinkapeza chifukwa chosinthira nsalu ya kumiyendo. Pa msika ndinkayenda maso ali pansi, anthu ankayesa ndataya kanthu. Koma amuna a m'tauni amavala nsapato. Ndipo ndikanamupeza ndikanamuuza chiyani? Munthu wamkulu, wolankhula Chindebele, wodziwa kuti mayi wake ndi MaDube, buku la boma likumuvomereza. Ine ndikanabwera ndi chipsera chokha.

Za MaDube ndaganiza zaka zambiri. Masiku ena ndimati anali wakuba, anasesa nyumba n'kupita ndi mwana wa mnzake. Masiku ena ndimati mwina anafikadi ku mauvuni ife titachoka, anapeza magazi, n'kuyesa kuti tafa. Mwina anadikira, n'kubwerera, n'kumanga katundu akulira. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumsana kwawo palibe anamukhudza, monga analonjezera. Sindikudziwa ngati ndiwathokoze kapena ndiwatemberere. Ndachita zonse ziwiri.

Patapita zaka zochepa kalembera anabweranso. Amayi anali atafooka, maso akuchita khungu. Nditamva kuti makalaliki ali mumsewu mwathu, ndinayang'ana ana anga, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinafuna kuwabisa. Koma ndinawakhazika pa mphasa onse.

Kalaliki anali wachinyamata, wa tayi, waulemu. Analemba amuna anga, ine, ana. Atafika pa amayi anafunsa dzina ndi kwawo. Amayi anayankha. Kenako anakweza dzanja, zala ziwiri zili chilili. Mayi amene moyo wawo wonse sanawerengepo mwana ndi chala.

"Ana anga ndi awiri," anatero. "Lembani awiri. Uyu Esinati. Wina Malizani, wamwamuna. Ali ndi chipsera ku phazi lamanzere."

Kalaliki anafunsa ngati Malizaniyo anagona m'nyumba muno. Amayi anati ayi. Anafunsa kumene amakhala. Amayi sanatsitse dzanja.

"Gogo, timalemba okhawo ogona muno," anatero kalaliki mofatsa. Anapukuta cholembera, anatseka buku, n'kulowa khomo lotsatira.

Amayi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe.

Tsiku lochapa lija tinatuluka pakhomo pathu anthu atatu. Ku mgodi tinafika awiri. Abambo ali ku manda a kuno, amayi ali pambali pawo, pamodzi ndi ana awiri amene anawerengedwa. Ine ndakalamba. M'mabuku onse amene ndinaona, a Phiri a ku Dowa anabereka mwana mmodzi. Inu amene mukuwerenga izi, dziwani kuti tinalipo awiri.